Tauni itafika pamunda wa amayi anga

Kwathu ndi kupitirira Likuni, mumsewu wopita ku Malingunde. Amene munadutsako zaka makumi awiri zapitazo mukukumbuka kuti ukangosiya msika ndi nyumba za pamishoni, kotsala konse kunali chimanga, mtedza, fodya ndi zigafa. Lero kuli mipanda ya njerwa, mageti achitsulo, mafawundeshoni omera udzu ndi zikwangwani za ogulitsa mapuloti. Ndikulembera inu amene midzi yanu ili m'mphepete mwa tauni, kaya ndi ku Lumbadzi, ku Mpingu, ku Nanjiri, ku Lunzu, ku Chileka kapena ku Dunduzu, makamaka ngati mwayamba kuona magalimoto achilendo akuima m'mbali mwa minda Loweruka masana. Zimene zinatigwera ife zili panjira yobwera kwanu.

Munda wathu unali wa agogo aakazi, ndipo iwo anasiyira ana awo aakazi awiri, amayi anga ndi amayi aang'ono. Unali wa maekala asanu ndi limodzi. Kumtunda kunali kankhalango ka masuku, mombo ndi tsanya, kamene agogo sankalola munthu kulowamo ndi nkhwangwa. Pakati mpamene tinkalima chimanga ndi mtedza, ndipo kumunsi, cha kudambo, kunali dimba ndi chitsime. Pamwambo wathu munda umayenda ndi mbumba. Amalume ndi nkhoswe, amayang'anira ndi kuweruza pakabuka mkangano, koma mundawo si wawo. Aliyense m'mudzi ankadziwa zimenezi, ndipo palibe ankazitsutsa mpaka pamene dothi linayamba kusinthanitsidwa ndi ndalama.

Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, mzindawu unali waung'ono. Kalembera wa 1977 anapeza anthu osakwana 100,000. Pofika kalembera wa 2018 anali atatsala pang'ono kukwana miliyoni imodzi. Anthu onsewa amafuna pogona. Lendi imakwera chaka ndi chaka, puloti ya m'maeriya ndi yodula komanso yovuta kuipeza, ndiye mphunzitsi, namwino, msilikali kapena mnyamata amene wavutikira ndalama ku Johannesburg amatembenukira kumudzi, kumene malo amagulidwa ndi kalata ya amfumu basi. Ogulawo sindidana nawo. Ambiri ndi anthu otopa ndi alandilodi, ofuna pamalo poti ana awo azidzati ndi pakwathu. Chimene chimandiwawa ndi mmene malondawo amachitikira, komanso amene amatsala manja ali m'khosi malondawo akatha.

Oyamba kufika kwathu anali oumba njerwa. Anapempha amalume kuti aumbe pachulu cha m'malire mwa munda, napereka kangachepe. Zinaoneka zazing'ono. Koma njerwa ikauma imafuna moto, ndipo uvuni sufuna tinthambi touma timene amayi amatola. Umafuna zipika zikuluzikulu zoyaka usana ndi usiku, ngolo ndi ngolo. Ine nthawi imeneyo ndinali nditayamba ntchito m'tauni ndipo ndinkapita kumudzi mwezi ukatha. Ndinafika mu Novembala, nthawi imene masuku amakhala akupsa, n'kupeza mitengo ili gone pansi zipatso zili m'nthambi momwe. Ana anali pikitipikiti kuthyola masuku osapsa n'kumaika m'mabeseni kuti akavundike, anyamata a nkhwangwa akuwauza kuti afulumire chifukwa akufuna kusadza. Amayi anangokhala pachitsa, chitenje atafunda kumutu. Sananene kanthu. Kankhalango kaja kanatha nyengo imodzi yokha ya njerwa, ndipo dzinja lotsatira bowa amene tinkazula pansi pa mombo sanamerenso.

Pambuyo pa njerwa kunabwera madobadoba. Awa ndi anthu odziwa kulankhula, ndipo mawu awo ndi amodzimodzi kulikonse, choncho amvereni bwino kuti mukadzawamva kwanu mudzawazindikire. Amati: "Bambo, tauni yafika kale. Mawa boma lidzangobwera n'kulanda malo onsewa ulele. Gulitsani lero mupezepo kanthu." Amatinso: "Anzanu onse agulitsa, inu mutsala pakati pa mipanda, mudzadutsa pati ndi ngolo?" Sapita kwa amayi, eni munda. Amafunafuna mwamuna wa pabanjapo, amamupeza pamsika kapena pamowa, amamuonetsa ndalama zomanga ndi labala, zambiri kuposa zimene wagwirapo moyo wake wonse.

Mu 2021 amayi anapita kukazula mtedza n'kupeza timiyala ta simenti titakhomedwa m'mizere, tina tili pakati penipeni pa mtedzawo. Amenewo ndiwo mabikoni. Amalume anali atagulitsa maekala awiri a kumtunda, pamodzi ndi pamene panali kankhalango paja, ndipo kalata inali itasainidwa kale kwa amfumu. Tinakhala pansi pabwalo la amayi madzulo ake. Amayi anafunsa mofatsa: "Achimwene, munda uwu anasiyira inu kapena ife?" Amalume anayankha kuti iwo ndiwo mutu wa banja, kuti anachita izi potithandiza tonse boma lisanalande, ndipo anawonjeza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ine ndinati: "Amalume, nanga ana a achemwali anuwa adzalima pati?" Anandiyang'ana nati: "Iwe uli pantchito m'tauni, khasu unalisiya kalekale. Usatiphunzitse za munda."

Amalume si munthu woipa mtima. Anali ndi mwana wodwaladwala, nyumba yawo inali yaudzu yodontha, ndipo mantha a kulandidwa aja anawakhulupiriradi. Ndalama zija anagula malata, njinga yamoto yoti mwana wawo wamkulu aziyendetsa kabaza, anabweza ngongole, ndipo amayi ndi amayi aang'ono anawapatsako pang'ono. Yotsala anasunga. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, ndipo yosunga ija inasungunuka ili m'manja, feteleza ndi chimanga zikukwera mtengo tsiku ndi tsiku. Njinga inachita ngozi, kukonzetsa kunakanika. Pamene izi zinkachitika, dobadoba uja anali atadula maekala awiri aja m'mapuloti a mamita 15 kwa 30. Ekala imodzi ndi malo opitirira pang'ono masikweya mita 4,000, ndiye mukachotsa tinjira mumatuluka mapuloti asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Tinadzamva kwa ogulawo kuti mapuloti atatu okha anabweza ndalama yonse imene amalume analandira. Msuweni wanga, mwini njinga uja, lero amaponda dothi ndi kutunga madzi pa ganyu ya zomangamanga pamalo pomwe ankalima ali mwana. Chimanga amabwereka munda kutali, kupitirira Malingunde, ndipo akakolola, mtengo wa lendi ya munda ndi wa galimoto yotutira umadya gawo lalikulu la zokololazo.

Nkhani ya kwathu ndi yopepukako poyerekeza ndi ya mabanja ena m'mudzimo. Alipo amene anagulitsa zonse, munda ndi dimba lomwe, n'kutsala ndi pamene pali nyumba pokha. Alipo amene puloti imodzi anagulitsa kwa anthu awiri, mchimwene kwa uyu, mlongo kwa uyo, ndipo mlandu sunathe mpaka lero. Mayi wina wamasiye anabwerera kumudzi kuchokera kumene anakwatiwa n'kupeza gawo lake lili ndi geti ndi galu. Amfumu nawo amalandira kangachepe pa kalata iliyonse imene asaina, ndiye musadalire kuti iwo ndiwo adzakuletseni kugulitsa.

Mitengo ikatha m'mudzi, njala ya nkhuni siitha, imangosamukira kwina. Mukaima mumsewu wa kwathu mbandakucha mudzaona mzere wa njinga zolemedwa ndi matumba a makala, zikutsetsereka kulowera m'tauni. Ambiri mwa makalawo amachokera ku Dzalanyama, nkhalango imene inatetezedwa ndi boma kuyambira 1922, kumene kuli Kaphirintiwa, pamalo pamene makolo athu Achewa amati anthu oyamba anaponda mapazi awo n'kudindika pathanthwe. Kumeneko ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, amene madzi ake amamwedwa mumzinda. Zinafika poipa mpaka mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera nkhalangoyo. Kale makalawo ankangotidutsa. Lero amayi a m'mudzi mwathu, amene anakula akutola nkhuni kuseri kwa nyumba, amaimitsa njinga zija n'kugula makala a m'timapepala kuti aphike nsima. Tauni imadya nkhalango kawiri: imadula ya pafupi kuti imange, kenaka imatuma njinga kukadula ya kutali kuti iphike.

Mitengo ikuluikulu yachilengedwe yokhayo imene yatsala kwathu ndi ya kumanda. Nayonso mipanda yaikhudza mbali zitatu. Kumeneko ndi kumene kuli dambwe, ndipo obwera ena amadandaula ng'oma zikalira usiku pamaliro a munthu wolowa gule. Akuluakulu a mudzi akuda nkhawa ndi funso lina: manda akadzadza, tidzakuza kulowera kuti?

Madzi nawo anasintha. Mvula ikagwa pamalata ndi pamabwalo a simenti silowa pansi, imathamanga yonse nthawi imodzi kutsikira kudambo. Njira imene tinkadzera popita kudimba inasanduka chigwembe chakuya mpaka m'chiuno. Chitsime cha agogo, chimene sichinkaphwa ngakhale mu Okutobala, chinayamba kuphwa mu Ogasiti. Okumba mchenga nawo analowa mumtsinje n'kugumula magombe.

Tsopano ndinene zimene tinachita ndi maekala anayi otsalawo, chifukwa n'chimene ndalembera zonsezi.

Choyamba chinali kuthetsa bodza la kulandidwa lija, pakuti ndilo limagulitsitsa minda yambiri. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 28, amati munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa, ndipo gawo 44 limati boma likafuna malo liyenera kukhala ndi cholinga chothandiza anthu onse, lidziwitse eni ake moyenera, ndipo lipereke chipukuta misozi. Ndinawerengera amayi, amayi aang'ono ndi amalume mawu amenewa m'Chichewa, pang'onopang'ono. Amalume anakhala chete nthawi yaitali. Palinso lamulo la malo a makolo la 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018. Limati nkhani za malo m'dera la gulupu ziziyendetsedwa ndi komiti imene wapampando wake ndi gulupuyo, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi. Limaperekanso mwayi woti munthu kapena banja lilembetse malo ake a makolo n'kukhala ndi chiphaso. Pitani ku ofesi ya za malo kwa DC wa boma lanu mukafunse pamene ntchito yolembetsayi yafika m'dera lanu. Pitani awiri kapena atatu, ndipo amayi eni munda akhale nawo, asangotumidwa uthenga.

Kenaka tinaitana mbumba yonse. Apa musasiye munthu, ngakhale amene ali ku Joni kapena amene anakwatiwa kutali, chifukwa wosiyidwayo ndi amene adzagulitse mawa ponena kuti sanamve. Akutali tinawaimbira pa WhatsApp foni ili pampando pakati pa bwalo. Tinagwirizana zinthu zingapo n'kuzilemba m'Chichewa: kuti dimba ndi chitsime sizidzagulitsidwa ndi wina aliyense, kuti gawo lina lililonse silingagulitsidwe popanda siginecha kapena chidindo cha chala cha amayi awiri aja ndi ana awo onse aakulu, ndiponso kuti mlendo wofuna malo azibwera masana, pabwalo, pamaso pa anthu. Tinasainirana pamaso pa gulupu ndi mboni za mabanja ena awiri, aliyense n'kutenga pepala lake, ndipo tinajambulanso pafoni. Amalume anasaina nawo. Sitinawachititse manyazi, ndipo ndikukupemphani kuti nanunso musatero ndi wanu, chifukwa nkhoswe yonyozedwa imakagwirizana ndi madobadoba.

Tinasonkherana n'kulemba ntchito munthu woyeza malo wovomerezeka ndi boma. Anayenda malire onse, eni minda yoyandikana nafe alipo, n'kutipatsa mapu. Ndalama yake inatiwawa, koma chaka chisanathe mpanda wa woyandikana naye watsopano unalowa m'munda mwathu ndi mamita awiri, ndipo mapuwo ndi amene anaubweza popanda kukafika kubwalo la milandu. Malire a kale oti "kuyambira pamtengo wa mkuyu mpaka pachulu" sagwiranso ntchito kumene mkuyu unadulidwa ndipo chulu chinaumbidwa njerwa.

Sindikunena kuti musagulitse konse. Ifenso tinagulitsa, puloti imodzi ya m'mbali mwa msewu, imene mbuzi ndi anthu odutsa ankationongera mbewu chaka chilichonse. Koma tinagulitsa tokha, kwa munthu womanga mwini wake, titafufuza kaye mtengo umene anzake anagulira, ndipo tisanalandire ndalama tinali titagwirizana kale ntchito yake. Tinakuzira chitsime n'kuchimangira, tinagula pampu ya sola ndi mapaipi, ndipo yotsala tinamangira tizipinda tiwiri ta lendi kuseri kwa nyumba ya amayi aang'ono. Ndalama ya malo ikagona m'nyumba sabata imodzi yopanda ntchito yoikonzera, imapeza yokha kopita. Tinasiyanso njira yokwana ngolo kuchokera kumsewu kukafika kudimba, n'kuilemba pamapu. Banja lina pafupi nafe linaiwala zimenezi ndipo lero limapempha chilolezo kuti lidutse pageti ya munthu popita kumunda kwawo komwe.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti dimba lija likanadzakhala chuma chachikulu cha banja. Anthu a m'mipanda aja amadya ndiwo tsiku lililonse ndipo salima. Kale amayi ankasenza dengu la mpiru kupita nalo kumsika, n'kubwerako ndi lotsala lofota. Lero amayi a m'mageti amabwera okha kudimba m'mawa kudzagula repu, chayinizi, tomato, anyezi, nkhwani ndi chimanga chachiwisi, ndipo ena amaitanitsa pafoni. Mng'ono wanga anayamba kuweta nkhuku za mazira, manyowa ake amapita kudimba komweko. Chimanga cha m'munda wa kumtunda chimatikwanira kudya, ngakhale sitigulitsanso monga kale.

Zovuta zake zilipo, ndisakunamizeni. Akuba chimanga chachiwisi achuluka, moti nthawi ya dzinja anyamata amagona kumunda mosinthana. Mapepala a pulasitiki ndi matewera a ana amakokoloka ndi madzi kudzaunjikana m'mizere. Wina anakumba chimbudzi chapafupi kwambiri kumtunda kwa chitsime, ndipo zinatengera komiti ya mudzi ndi alangizi a zaumoyo kuti achisunthe. Madobadoba nawo sanasiye kubwera, ndipo mtengo umene amatchula umakwera ulendo uliwonse.

Za mitengo, tinaphunzira kwa mlangizi wa zankhalango kuti chitsa cha mtengo wachilengedwe sichikhala chakufa. Chikaphukira, mumasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo n'kudulira, n'kuteteza kumoto ndi mbuzi. Zimakula msanga kuposa mbande yobzala chifukwa mizu ilipo kale. Zitsa zimene zinatsalira mbali yathu ya malire tinazisamala motero, ndipo zina zapitirira kale msinkhu wa munthu. M'malire monse tinabzala kesha wa nkhuni, m'munda tinasiya misangu imene imamera yokha, ndipo kudimba tinaika mapapaya, mango ndi nsungwi m'mbali mwa chigwembe chija kuti dothi ligwire.

Kwa inu amene mukufuna kugula puloti kumudzi, pemphani kuonana ndi amayi a pabanjapo musanapereke ndalama, ndipo funsani poyera kuti mundawu unachokera kwa yani. Mukaona wogulitsa akukuthamangitsani kapena akukana kuti mufike pakhomo, bwererani. Kudambo ndi m'mphepete mwa mtsinje musagule ngakhale atchipitse bwanji. Amene anaona madzi a Lingadzi atasefukira ku Mtandire mu 2017 akudziwa chifukwa chake. Mtengo umene mwaupeza papuloti musaudule musanajambule pomwe nyumba ikhale, nthawi zambiri umapezeka kuti sukutsekereza kanthu. Ndipo ngati thumba likulola, mangirani mabuloko a simenti m'malo mwa njerwa zootcha.

Chinthu chomaliza chimene tinachita ndi chimene ndimachiona chofunika kuposa mapu. Nditayang'ana mabanja amene anagulitsa m'mudzi mwathu, ndinaona kuti ambiri sanagulitse chifukwa cha dyera. Anagulitsa sabata imene munthu anagonekedwa m'chipatala, kapena mwana atasankhidwa kupita kusekondale fizi palibe, kapena maliro atagwa bokosi likusowa. Madobadoba amadziwa nyumba imene muli matenda, ndipo amafika tsiku lomwelo. Choncho tinatsegula thumba la banja, loyenda ngati banki m'khonde: a pantchito timaponya mwezi ukatha, a kudimba amaponya akagulitsa, lendi ya chipinda chimodzi imalowa momwemo, ndipo buku amasunga ndi amayi aang'ono, ndalama zili ku akaunti ya pafoni imene kutapa kwake kumafuna anthu awiri agwirizane. Wogwa m'vuto amabwereka kumeneko n'kubweza pang'onopang'ono. Chaka chatha mwana wa mchemwali wanga anathyoka mwendo pa nthawi imene fizi ya mkulu wake inkafunikanso, ndipo munthu wofuna malo anafika pakhomo pawo kawiri sabata imeneyo. Thumba lija linalipira zonse ziwiri, ndipo gawo la mchemwali wangayo chaka chino labzalidwa soya ndi mtedza.